Khutu la M'botolo

Turffontein, Joni
9 February 2025

Okondedwa Amayi,

Ndayamba ndi moni. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, bondo lija litakupatsaniko mpata, komanso malume a Elson ndi banja lonse ku Milonde ali athanzi. Ine kuno ndili bwino zedi, moti dzanja likuthamanga kuposa mutu.

Munati mawu a pafoni amapita ndi mphepo, mukufuna pepala loti muzilitulutsa mukandisowa. Nali. Ndapatsira a Spencer, aja amanyamula katundu wa anthu kuchokera kuno kudzatsitsa pa Limbuli. M'jumbomo muli shuga, mafuta opaka bondo ndi nsapato zofewa zoimira pamsika.

Amayi, ntchito ndaipeza! Zaka ziwiri zija ndinakhala nanu pa benchi ya nthochi, digiri ili m'sutikesi, a Maureen a benchi yoyandikana ndi yanu akundifunsa tsiku ndi tsiku kuti, "Adokotala, zakupsa muli nazo?" zatha basi. Ndili mu labu ya kampani ina yaing'ono, ndipo zimene tikuchita muno kwathuko palibe anazilotapo.

Ndifotokoze pang'onopang'ono, ngakhale mukudziwa kuti pang'onopang'ono si ine. Thupi lililonse linamangidwa ndi tizidutswa tamoyo tosaoneka ndi maso, timati maselo. Ife timatenga maselowo n'kuwasakaniza ndi phala loonekera mkati ngati madzi, lonjenjemera ngati msuzi wa mang'ina ukagona. Phalalo timalithira m'kabotolo n'kukaika m'makina. Kabotolo kamayamba kuzungulira, makina n'kumakawalitsira zithunzi kuchokera mbali zonse, ngati kanema. Pamene kuwala kwakumana kwambiri, phala limalimba. Pena ponse limakhalabe lofewa, timangolitsuka. Mukukumbukira ku saluni kwa Sheila, atsikana akapaka zikhadabo n'kulowetsa dzanja m'kanyale kabuluu kaja, utoto n'kuuma gwa? Nzeru yake ndi yomweyo, koma ife timaumba chinthu chathunthu mkati mwa botolo osachikhudza n'chala chomwe. Mphindi isanakwane, chimangotulukira pakati pa phala ngati phiri lathu likamatuluka m'chiperoni. Ndipo maselo ali mkatimo, amoyo!

Makina akale ankadontheza phala mzere ndi mzere, maselo n'kumafooka podikira. Awa sadikira. Nditawaona tsiku loyamba ndinati, eya, abale anga ndi awa.

Bwana wathu ndi a Dokotala Morton, mayi wamtali wosaseka wamba. Cholinga chawo n'choti tsiku lina mwana wobadwa wopanda khutu, kapena munthu wopsa ndi moto, adzamuumbire lake. Ndimagwira ndi Hopewell, mnzanga wa ku Zimbabwe, wofatsa mpaka kukwiyitsa.

Chipinda ndapeza, tikukhalamo atatu, madzi otentha amabwera akafuna okha. M'minibasi ndimakhala chete kuti asamve lilime langa, koma izo n'zazing'ono. Za mapepala anga tidzakamba tsiku lina.

Mikoko ya nthochi musasenze nokha, itanani wakabaza.

Ndine mwana wanu,
Pemphero


Turffontein
16 March 2025

Amayi anga,

Muli bwanji kumeneko? Kalata yanu ndinailandira, ndinaiwerenga nditaimirira panjira. Ndakondwa kuti mafuta aja akuthandiza. Ine ndili bwino, kachimfine kokha.

Khalani pansi kaye, kenako muwerenge. Ndaumba khutu! Ine, Pemphero, mwana wa a Esteri wa pa Limbuli, ndi manja angawa!

Sizinabwere tsiku limodzi. Ulendo woyamba ndinawonjezera kuwala kuti zifulumire, botolo lonse n'kuuma ngati chinangwa chozizira. Hopewell anangoliyang'ana n'kunena kuti, "Mlongo, ukuthamangira kuti? Khutu silithawa." Ulendo wachiwiri ndinachulutsa maselo, phala n'kuchita mbuu, kuwala n'kusochera ngati tochi m'nkhungu. Chinatuluka chinthu ngati mbatata yolumidwa ndi mbewa. A Dokotala anachinyamula ndi kapanira, n'kundifunsa kuti ndi chiwalo cha nyama yanji. Sindinadye tsiku limenelo.

Koma Lachinayi lapitali, Amayi! Kabotolo kakuzungulira, ine ndagwira mpweya, ndinaona m'mphepete mukuyamba kuoneka, kenako kupindika kuja kwa mkati, kenako kansonga kapansi kobooledwa ndolo. Khutu la munthu, lathunthu! Ndinakuwa m'Chichewa, azungu onse n'kutembenuka. A Dokotala anati, "Chabwino." Kwa iwo mawu amenewo ndi nthungululu.

Tsopano ntchito yatsala ndi yoweta. Makutuwa, poti ndaumba angapo, amakhala m'kabati yofunda ngati thupi la munthu, atamizidwa m'madzi ofiira amene ndi chakudya chawo. Madziwo amafunika kusintha pafupipafupi kwa miyezi, mpaka maselo atamanga kafupa kofewa kaja kamachititsa khutu kupindika n'kubwerera. Ukaphonya, afa. Munkanena kuti ine ndisadzayerekeze kuphika nyemba za kalongonda, ndingaledzeretse mudzi wonse chifukwa chosadikira kutaya madzi. Onani tsopano, Mulungu wandipatsa kalongonda wa ku Joni.

Ndaikamo zithunzi ziwiri. China ndi khutulo lili m'botolo, kuwala kukulimenya. Chinacho ndi ine nditavala chovala choyera, ndanyamula botolo la madzi ofiira aja. Musazibise m'Baibulo ayi, anthu azione. Kalatayinso muwapatse a Maureen aiwerenge mokweza pamsika, poti inu maso amavuta pamene iwo mawu Mulungu anawapatsa. Ndikufuna adziwe kumene anapita adokotala a nthochi aja.

Mwati chipinda chakumvuma chikudontha. Ndatumiza kangachepe kudzera kwa malume, mugule malata. Musagule akale, mugule onyezimira, oti munthu akamadutsa pamsewu atseke maso. Nyumba ya a Esteri yadzuka.

Mwana wanu,
Pemphero


Turffontein
20 April 2025

Okondedwa Amayi,

Moni wa Pasaka. Ndikhulupirira mwadya bwino chikondwererochi. Ine ndili bwino, kwayamba kuzizira koma jekete ndili nayo.

Kalata yanu yandiseketsa mpaka Hopewell kufunsa ngati ndapenga. Akuti chiyani? Botolo lofiira lija ndi magazi a anthu? Khutu ndinadula kwa munthu? Malata agulidwa ndi magazi? Amayi, chaka chino cha 2025! Ndiye mwati a Maureen atafika pa mawu oti "madzi ofiira amene ndi chakudya chawo" anasiya kuwerenga, n'kupinda kalata, n'kukubwezerani ndi nsonga za zala? Ndikanakonda ndikanaona nkhope yawo.

Ndikudziwa kuti kwathuko anthu sanaiwale za anamapopa zija za 2017, pamene tinkagona panja m'magulu ndipo mlendo aliyense wonyamula chikwama ankafunsidwa ndi zibonga. Ndinali pa Fomu 4, ndikukumbukira. Koma tidzakhala m'mantha omwewo mpaka liti? Dziko likuthamanga, ife tili pansi pa phiri kuopa botolo.

Mankhwala a umbuli ndi kufotokoza. Muwawerengere anthu ndime iyi. Madzi ofiirawo ndi madzi wamba, mchere, shuga ndi utoto wotiuza ngati chakudya chayamba kusasa. Inde, timathiramo pang'ono timadzi totengedwa m'magazi a ng'ombe, poti maselo amakula nato bwino, koma timeneto n'togula m'sitolo ya zipangizo ngati mmene mumagulira mchere. Basi. Wosamva apa ndiye kuti sakufuna kumva.

Tsopano nkhani yeniyeni. Mu July kuli msonkhano waukulu ku Cape Town wa anthu a ntchito ngati yathuyi, ochokera maiko ambiri. A Dokotala anena kuti makutu anga akafika nthawi imeneyo ali amoyo, ndine ndikaimirire kutsogolo n'kufotokoza. Ine! Pa ndege! Kumeneko n'kumene anthu amapezera malo a sukulu zapamwamba. Ndikapita, ndikaphunzira, ndidzabwera ndi makina angawanga. Ndaona kale m'maso mwanga nyumba yoyera chakumunsi kwa minda ya tiyi, ana a ku Thuchila ndi ku Milonde atavala zoyera akuumba ziwalo. Simudzagulitsanso nthochi, mudzangobwera kudzayendera.

Za anthuwo musadandaule, atopa okha. Galu akauwa mwezi, mwezi suthawa.

Mundipatsireko ufa wa chinangwa a Spencer akamabwera.

Wanu,
Pemphero


Turffontein
18 May 2025

Amayi,

Muli bwanji? Ndikufunsa zenizeni, osati mwa mwambo. Ine thupi lili bwino.

Bwanji simunandiuze? Ndamva kwa malume pafoni. Akuti ndime ija munaiwerengetsadi, ndipo pa mawu onse aja anthu anatolapo amodzi okha: magazi. Akuti ndavomera ndekha. Akuti nthochi zikupserera pa benchi, palibe wogula. Akuti kutchalitchi mumakhala pa mpando wonse nokha. Ndipo akuti malata aja, malata amene ndinakukakamizani ine, agendedwa mpaka kubooka, ndiye mwathawira ku Milonde kwa malume. Inu m'kalata mwanu munangoti mvula yatha bwino ndipo nkhuku yaswa anapiye.

Ndakwiya, Amayi, moti cholembera chikubowola pepala. Anthu amene munawaphikira pa maliro awo! A Maureen amene munawasungira benchi atagonekedwa m'chipatala!

Mverani. Siyani zonse. Nkhuku mupatse malume, nyumba mukhome, a Spencer akutengani ulendo wawo wotsatira. Pasipoti tithamangitsa. Chipinda n'chaching'ono koma anzangawa ndakamba nawo, tidzapanikizana. Kuno palibe amene amadziwa mnzake, ndipo nthawi zina zimenezo ndi mtendere. Mudziwo ukhale ndi mantha ake.

Makalata anga onse ndi zithunzi zija mubise, kapena mutenthe. Ino musaonetse munthu.

Ndikanakonda kukulemberani nkhani yabwino yokha, chifukwa ilipo. Makutu ali moyo! Dzulo ndinapana limodzi ndi kapanira, n'kulisiya, linabwerera lokha pang'ono. Maselo ayamba kumanga. Ndinafuna kuthamanga kukauza munthu, n'kupeza kuti munthu amene ndimafuna kumuuza ndi inu, ndipo nkhani yomweyi ndi imene yakusamutsani m'nyumba mwanu.

Yankhani msanga. Imbani ngakhale mumadana ndi foni.

Pemphero


Turffontein
8 June 2025

Okondedwa Amayi,

Moni. Ndathokoza kumva kuti ku Milonde akukusamalani ndipo bondo silinatupe ndi kuzizira. Kuno m'mawa madzi amaundana pa mipope, koma ndikupirira.

Yankho lanu ndalimva. Mwati agogo anawoloka Muloza kudzafuna pokhala, anapapeza, ndipo inu simuwolokanso mtsinje wina chifukwa cha miyala ya ana a eni. Mwati manda a bambo ali pa Limbuli, benchi yanu ili pa Limbuli. Ndinayembekezera zimenezo. Liuma langali ndikudziwa kumene ndinalitenga.

Malume anaimbanso. Anati, "Mphwanga, anthu sakuopa botolo. Akuopa munthu amene sakumuona. Unachoka uli wa nthochi, lero akumva kuti ukuumba anthu. Bwera, uime pamsika masana, akufunse, uwayankhe ndi pakamwa pako. Makalata ako ndi amene atifikitsa pano." Ndinati malume, simukumvetsa. Anati, "Ndikumvetsa kuti mlongo wanga akugona pa mphasa m'nyumba yomwe si yake."

Amayi, ndikufuna mundimvetse inuyo. Makutuwa sangakhale osadyetsedwa. Ndikachoka, ndiwasiyira Hopewell, ndipo lamulo la a Dokotala ndi loti amene waweta mpaka kumapeto ndi amene amakalankhula. Si nkhanza, ndi mmene amachitira ndi aliyense. Msonkhano wotere sudziwika kuti udzandipezanso liti. Komanso mapepala anga aja sanatuluke, ndikudikirabe. Munthu ukatuluka uli pa mzere wodikira, kubwerera kumakhala kwa mwayi. Ndisanene zambiri.

Ndiye ndikupempha, pirirani mpaka August. Ndikangochoka ku Cape Town ndikwera basi. Ndidzabwera ndi chithunzi nditaima pamaso pa maprofesa, aone okha kuti namapopa saitanidwa ku misonkhano. Miyezi iwiri si zaka.

Pali zinanso za ntchito yangayi zimene m'makalata oyamba aja sindinazilembe mmene zilili ndendende. Si zoipa ayi. Kungoti munthu ukamalemba kwanu umasankha mbali yowala. Tidzakamba.

Sabata ino tayesa chinthu chatsopano, kuumba timipata mkati mwa phala toti chakudya chizidutsamo ngati mitsempha. Makina akale sakanatha. Zikatheka ndiye kuti tidzaumba zinthu zokulirapo. Mukuona chifukwa chake sindingachoke pano?

Mukuona, eti?

Mwana wanu,
Pemphero


Turffontein
22 June 2025

Amayi,

Moni, ndili bwino. Ndilemba mwachidule chifukwa a Spencer akudikira panja injini ikulira.

Andiuza zimene munawaletsa kundiuza. Akuti munabwerera kunyumba nokha, mabowo a denga munamata ndi phula. Akuti m'mawa uliwonse mumayala nthochi pa benchi, mumakhala tsiku lonse mutawongola msana, madzulo n'kulongedza zonse osagulitsa n'imodzi yomwe. Anati, "Ndinagula phava limodzi, msika wonse unandiyang'ana ngati ndagula njoka. Mayi ako anandipatsa chenje akumwetulira."

Ndinalowa kwa a Dokotala osagogoda. Ndinawafotokozera zonse, anamapopa ndi malata omwe. Sanaseke. Anafunsa kuti, "Ukudziwa kuti Cape Town wataya?" Ndinati ndikudziwa. Anati, "Ukufuna kunyamula chiyani?" Andipatsa khutu limodzi lopanda maselo, kabotolo ka madzi ofiira, ndi kalata yoonetsa pamalire. Hopewell walandira makutu anga ngati akulandira khanda. Ndamulembera malangizo mpaka anati, "Mlongo, ndinayamba kuweta maselo iwe usanaone makinawa."

Ndinyamuka ndi basi ya Lachisanu. Chitani izi. Malume auze anthu kuti tsiku la msika ndidzaima pa benchi yanu dzuwa lili pamutu, aliyense adzafunse chimene akufuna. A Isake a butchala asunge magazi a mbuzi m'kambale. Inu mudzafulule tiyi wakuda bii, wopanda mkaka. A Maureen muwauze abwere ndi mandimu a pa benchi yawo, osankha okha, kuti asadzati ndabwera ndi anga okhwimira.

Chovala choyera chija ndachisiya. Mundikonzere chitenje.

Pemphero


Turffontein
10 August 2025

Okondedwa Amayi,

Moni wochokera ku Joni. Ndinafika bwino. Pamalire ndinadutsa mtima uli m'mwamba, koma ndinadutsa, ndipo ntchito ndinaipeza ikundidikira. Ndakondwa kumva kuti bondo lili bwino ndiponso kuti malume amata denga lonse.

Mwandilamula kuti ndikulembereni zonse za tsiku lija, poti inu munatseka maso kupemphera kuyambira pamene ndinaimirira mpaka pamene munamva anthu akuseka. Chabwino, nazi zimene munaphonya.

Malume atamenya beseni, msika unasonkhana, koma anthu anasiya bwalo pakati pa iwo ndi ine loti galimoto n'kutembenukirapo. Anyamata ena kumbuyo anali ndi manja m'matumba, ndipo ndikudziwa kuti m'matumbamo simunali mtedza.

Ndinayamba ndi khutu. Ndinatulutsa kabotolo n'kukaika pa benchi. Palibe anasuntha. Kenako a Maureen anabwera chammbali ngati nkhanu, anawerama, anatsinzina diso limodzi, n'kukuwa kuti, "Kakhutu kake n'kameneka? Pachithunzi paja linali ngati la njovu! Aka n'ka mbewa aka!" N'zoona, Amayi. N'kofanana ndi nyemba ya kalongonda. Chithunzi chija ndinajambula pafupi dala kuti likule.

A Isake anafunsa funso limene ndinkaliopa. "Iwe mwana, tinyama tamoyo ukunenato umatitenga mwa ndani?" Ndinayang'ana anthu onse aja amene ndinkafuna adzandigwadire. Ndinati, "Mwa ng'ombe. Lolemba lililonse ndimakwera minibasi ndi bokosi la ayezi kupita kophera ng'ombe, kukatenga mang'ina. Ndimapala kafupa kofewa ka m'mfundo zake, maselo amachokera mmenemo. Ndikamaliza ndimatsuka mabotolo a labu yonse ndi kukolopa. Makina aja ndimawagwira ena akamaliza. Khutu la munthu weniweni sitinaliumbebe, mwina papita zaka zambiri. Ine si dokotala."

Kenako a Isake anamenya ntchafu n'kunena kuti, "Aaa! Ndiye kuti ndiwe wa butchala mnzanga! Digiri yonse ija kukanyamula mang'ina ku Joni? Ukanangonena, ndikanakulemba ntchito konkuno!" Msika unagwa ndi phwete. Apa m'pamene munatsegula maso. Kuseka kumeneko kunandiwawa kuposa mwala, sindinama, koma ndinaona manja akutuluka m'matumba.

Zotsatira munaziona, koma ndilembabe chifukwa zimandikoma. A Maureen anadula ndimu lawo, anafinyira m'madzi ofiira aja dzanja atalitalikitsa, madzi n'kusanduka achikasu pomwepo. Wina anakuwa kuti matsenga! Ndinatenga tiyi wanu n'kuwapatsa afinyiremonso, tiyi n'kuyera. Amayi ena othyola tiyi anati, "Iii, tiyi amaterodi, nanga n'zachilendo?" Kenako ndimu m'magazi a mbuzi a a Isake, magazi n'kuda bii, n'kuundana. A Maureen anakweza kabotolo kachikasu kuja kudzuwa, anakapendeketsa uku ndi uku, n'kunena kuti, "Magazi anji osanduka mkodzo?"

Sanapepese, inu mukuwadziwa. Anangopukuta manja, n'kuima patsogolo pa benchi yanu, n'kufunsa kuti, "A Esteri, zakupsa muli nazo?" Mmene munkawathyolera phava lija ndinayang'ana kumbali kuti musandione nkhope.

Ku Cape Town kunapita Hopewell. Makutu anafika ali amoyo, onse kupatula limodzi. Akuti anthu anaimirira kudzawaona, ndipo dzina langa analitchula kawiri, molakwika konse. Tsiku limene ananyamuka ndinalowa m'chipinda chotsukira mabotolo n'kutsegula mpope kwambiri kuti anthu asamve. Zinatha. Lolemba lotsatira ndinapita kukatenga mang'ina.

Koma Amayi, timipata tija tatheka! Tinathira utoto mbali imodzi, n'kutulukira mbali inayo! A Dokotala andipatsa ntchito imeneyo kuti ikhale yanga, kuyambira kuumba mpaka kuweta. Itenga chaka, mwina kuposa. Ndinati chaka chonse? Hopewell anati, "Kalongonda." Ndinachita kumuphunzitsa ndekha mawuwo, lero akunditukwana nawo. Nyumba yoyera ija kumunsi kwa tiyi sindinaisiye. Ingochedwa.

Mwati mpando wa kutchalitchi wadzazanso mpaka mukusowa poika chikwama, ndipo nthochi zikutha dzuwa lisanapendeke. Nkhani imeneyo ndaiwerenga kambirimbiri.

Kalata ino musaibise. Apatseni a Maureen aiwerenge pamsika mokweza, yonse.

A Maureen, moni, ndikudziwa kuti mwafika pano. Bondo latsopano lija munandinong'oneza ndikukwera basi kuti ndikuumbireni, musalidikire kwa ine, pitani kuchipatala mwezi uno, amayi akuperekezani. Ndipo ndime ya mang'ina ija ngati mwaiwerenga motsitsa, bwererani muikweze. A kumbuyo sanamve.

Ndine mwana wanu, Amayi, wa butchala wa ku Joni,
Pemphero